Ndani Akudya Thupi la Tekber

Ku Tidjikja kunalibe mayi wa mwana wamkazi amene sankadziwa khomo la a Mbarka. Kwa zaka zoposa makumi atatu ntchito yawo inali yonenepetsa atsikana. Mayi akaona kuti mwana wake wakwana zaka zisanu ndi zitatu koma nthiti zikuwerengeka, ankapita naye kwa a Mbarka mvula ikagwa, nthawi imene ngamira zimakhala ndi mkaka wambiri. Kumeneko mtsikana sankathamanga kapena kutunga madzi. Ankakhala pamphasa, ntchito yake kumwa mkaka ndi kumeza kusikusi, timibulu ta ufa wa mawere tosambira m'mafuta. Akakana, a Mbarka ankamupana zala za kumapazi ndi timitengo tiwiri. Akasanza, ankamudzazira chikho china. Pakatha miyezi itatu mwanayo ankabwerera kwawo khungu litang'aluka mizeremizere m'mikono ndi m'ntchafu, amayi ake n'kululutira, poti aliyense ankadziwa kuti malo a mkazi mumtima mwa mwamuna amalingana ndi malo amene amatenga pamphasa.

Ntchitoyo inali itachepa, chifukwa atsikana ambiri tsopano ali kusukulu ndipo wailesi imalongolola zotsutsa mwambowu, koma chaka sichinkatha osabwera awiri kapena atatu.

Mwa onse amene anadutsa m'manja mwawo, a Mbarka ankanyadira mwana wobereka okha, Tekber. Tsiku la ukwati wake panafunika amayi awiri kuti amudzutse pamphasa, ndipo anthu anaikamba nkhaniyo mpaka chaka kutha. Anakwatiwa ndi Isselmou, wogulitsa masipeyala a galimoto, amene anapita naye ku likulu, ku Nouakchott. Tsopano Tekber anali mayi wa ana atatu a sukulu, ndipo amayi ake anali asanamuone kwa chaka ndi theka. Pafoni ankangoti ali bwino.

Zipatso za tende zitakololedwa m'minda ya kanjedza, a Mbarka anamanga matumba awiri, anadzaza chigubu ndi mafuta a mkaka, n'kukwera basi. Anafika pakhomo la mwana wawo dzuwa litapendeka. Amene anatsegula geti anali mayi wodzikulunga nsalu ya melafa yobiriwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Mbarka anamuyesa mlamu wake wa Tekber. Anamupatsa moni wachidule n'kusuzumira kumbuyo kwake.

"Mwini nyumba ali kuti?"

"Ndine, amayi. Mwandiiwala?"

A Mbarka anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Tekber sanali woonda ayi, anthu a m'tauni akanati adakali mayi wa thupi. Koma diso la a Mbarka linali la ntchito. Khosi lija lopindika katatu tsopano linkaoneka poyambira ndi pothera. Zibangili zinkayenda pamkono. Chimene chinawaopsa koposa n'chakuti Tekber anawerama, kunyamula yekha thumba la tende, n'kulowa nalo m'nyumba osaima kuti apume.

Atangokhala pansi, madzi akumwa asanabwere, a Mbarka anamugwira mkono n'kuufinya kuyambira paphewa mpaka pachigongono.

"Wakuchita chiyani?"

"Ndani, amayi?"

"Usandifunse ndani. Mwamuna wakoyo."

"Isselmou sanandichite kanthu. Ndi kutentha kwa kunoku basi."

"Kutentha ukundiuza ine wochokera ku Tidjikja? Kwathu mwala umawotcha phazi, koma sindinaonepo mkazi atasungunuka."

Tekber anaseka n'kudzuka, nati akaone mphika. A Mbarka anamuyang'ana akudzuka. Sanagwire khoma, sanabuule, anangoima ngati wantchito.

M'mawa mwake, ana atapita kusukulu, a Mbarka anayendera khitchini. Ankayembekeza kupeza umphawi wobisidwa, koma firiji inali yodzaza ndi nyama ya mbuzi ndi nsomba, thumba la mpunga linali losatsegula, shuga analipo wambiri. Zimenezi sizinawatonthoze. Mwamuna wosauka amamveka, anatero mumtima, koma mwamuna wodzaza nyumba ndi chakudya mkazi n'kumaonda, ameneyo ali ndi chake chimene akuchita.

Masana anakhala moyandikana ndi Tekber pa mbale yaikulu ya mpunga ndi nsomba. Anamuona akutola nsomba, kabichi ndi mabiringanya, mpunga n'kungotapa kawiri katatu. A Mbarka anakankhira mbali yake mpunga wonona wa pansi pa mphika. Tekber anaukankhira kwa ana mwakachetechete. Nthawi ya tiyi itakwana anathira kaye tambula yake, kenako n'kuika shuga m'ketulo ya ena onse.

"Tiyi wopanda shuga amamwa wamasiye," anatero a Mbarka. "Wamwalira ndani?"

"Ndinangozolowera, amayi."

"Wakuzoloweza ndani?"

Isselmou sankadya nawo. Mwambo ndi womwewo, mkamwini sakhala kapena kutafuna pamaso pa apongozi ake. Ankabwera m'mawa ndi madzulo, kuima kuseri kwa chitseko nduwira itaphimba kukamwa, kufunsa za ulendo, za mawondo, za abale a ku Tidjikja, maso ali pansi. Zaka zonsezi a Mbarka ankamutama chifukwa cha ulemu umenewu. Ulendo uno ankamvetsera mawu ake ngati munthu wogogoda mtsuko kuti amve mng'alu. Chikomekome cha mkuyu, ankatero mumtima. Mwina wapeza kamtsikana ka muofesi, ndipo mwana wanga akudyedwa ndi maganizo.

Koma pofika tsiku lachitatu maganizo awo anatembenuka, chifukwa Tekber sankaoneka ngati mkazi wolira. Ankaimba posesa. Ndipo tsiku lililonse, pemphero la swala la madzulo likangotha, pageti pankalira hutala. Anali Selemha, mphunzitsi wa nyumba yoyandikana, woyendetsa yekha galimoto yoyera. Banja lake linatha katatu, ndipo katatu konse abale ake anamuimbira ng'oma zachikondwerero, monga mwa mwambo. Zimenezo a Mbarka analibe nazo vuto. Chimene sanachikonde ndi thupi lake, louma ngati mpini wa khasu. Hutala ikalira, Tekber ankatenga kachikwama kakuda n'kuti akukaona wodwala, mawa lake akuti kwa telala, mkuja wake akuti kumsika. Ankabwera dzuwa likulowa, wopanda nsalu yosokedwa, wopanda ndiwo, nkhope ili phuliphuli, n'kulowa kubafa asanalonjere munthu.

A Mbarka anali mayi wamkulu, ankadziwa chimene chimachititsa mkazi wapabanja kuthamangira madzi akachokera koyenda. Anakumbukira zimene anthu amanena, kuti amuna ena opita kunja amabwerako akukonda akazi a mafupa. Mtima unawawawa. Ngati zili choncho, ndiye kuti Isselmou wosaukayo akudyetsa nkhuku yoikira kwa eni.

Tsiku lachisanu, galimoto yoyera itangochoka, analowa kuchipinda kwa mwana wawo. Anafufuza m'sutikesi, pansi pa matiresi, m'matumba a zovala. Sanapeze kalata kapena mafuta onunkhira achilendo. Kuseri kwa mabulangete anapeza chitini cha mabisiketi. M'katimo munali mapilitsi a mitundu iwiri, kamakina kokwana m'dzanja, timasingano tating'ono, ndi timapepala topyapyala. Tina tinali togwiritsa kale ntchito, tokulungidwa m'thonje, ndipo kumapeto kwa kalikonse kunali kadontho ka magazi ouma.

Anakhala pabedi. Magazi. Kwawo nkhani za anthu opopa anzawo magazi sizinali nthano. Munthu amayamba kufota pang'onopang'ono, osamva kuwawa, akusekerera amene akumudyayo. Ndipo wopopayo nthawi zambiri amakhala wa nyumba yoyandikana. Anabwezera chitinicho m'malo mwake, nasalaza mabulangete, natsimikiza kuti mawa akaona okha.

Mawa lake hutala italira, a Mbarka anali atavala kale nsapato. Anadikira geti kuti litsekeke, anatuluka, n'kuimitsa takisi yoyamba kudutsa.

"Tsatira galimoto yoyerayo, mwana wanga. Isakuthawe."

Woyendetsayo anawayang'ana pagalasi. "Agogo, upolisi munalembedwa liti?"

"Tsiku lomwe amako anakulemba ntchito yofunsa akuluakulu mafunso. Yendetsa."

Anadutsa m'misewu ya mchenga, nalowa mu tala, napyola msika wa mafoni. A Mbarka ankayembekeza nyumba ya mpanda wautali kapena kachisakasa ka sing'anga kumapeto kwa tauni. Koma galimoto yoyera inakhotera pa bwalo lalikulu la mpira n'kuima pakati pa galimoto zina zambiri.

"Mwawagwira akubawo," anatero woyendetsa. "Akuba mphepo ya boma."

A Mbarka anatsika n'kubisala kuseri kwa kagolosale ka madzi. Anaona Tekber atakhala pampando wa galimoto chitseko chili chotsegula, akutulutsa m'kachikwama kaja nsapato zoyera zothamangira, zonga za anyamata. Anazimanga zingwe, anakwezera melafa m'chiuno pang'ono, n'kuyamba kuyenda ndi Selemha kuzungulira mpanda wa bwalolo. Sanali okha. Panali amayi ambirimbiri, melafa zofiira, zachikasu, zakuda, ena akuluakulu kuposa mmene Tekber analili kale, akuyenda mwandawala mikono ikuponyedwa uku ndi uku, ena akukoka miyendo, thukuta lili kamukamu. Palibe amene ankapita kulikonse. Ankazimiririka kuseri kwa bwalo n'kutulukiranso mbali ina.

A Mbarka sanapusitsike msanga. Panalinso amuna othamanga, ndipo aliyense wodutsa pafupi ndi Tekber ankamuyang'anitsitsa kuti aone ngati agwetsa kapepala kapena kutsinzinira diso. Ulendo woyamba panalibe. Wachiwiri panalibe. Mawondo anayamba kuwawa, ndipo anakhala pa njerwa poyera. Ulendo wachitatu Tekber anawaona, naima chilili.

Selemha ndiye anayamba kuyankhula. "Amayi, mwabwera kudzayamba nawo? Nsapato zina zili m'galimoto."

"Iwe ndikuyankhula pambuyo," anatero a Mbarka osamuyang'ana. "Tekber, wodwala wako uja ndi ameneyu? Telala wako ali pati?"

Selemha anaona kuti pavuta, napitiriza ulendo wake. Tekber anakhala pansi pafupi ndi amayi ake, akupuma mwabefu.

"Ndinaona chitini chako," anatero a Mbarka. "Magazi ako ukupereka kwa ndani?"

"Kwa aliyense ayi. Ndimadzibaya ndekha chala m'mawa, kamakina kaja n'kundiuza shuga amene ali m'magazi. Ndili ndi matenda a shuga, amayi. Ndiponso magazi amathamanga."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha, mwezi wa Ramadani utangotha. Ndinagwa m'khitchini. Isselmou analephera kundinyamula, anachita kuitana amuna atatu a mumsewu kuti andiike m'galimoto. Kuchipatala anandiuza kuti mafuta andichuluka m'mimba, ndipo ndikapitiriza chonchi nditsatira Mounina."

Mounina anali mwana wa mchemwali wawo wa a Mbarka. Anakhala pamphasa imodzi ndi Tekber chaka chimene onse awiri ananenepetsedwa. Zaka zitatu zapitazo anadzuka kukamwa kutapotoka, mbali imodzi itafa, ndipo sabata isanathe anamuika m'manda, ali ndi zaka makumi anayi.

"Mounina tsiku lake linakwana," anatero a Mbarka.

"Inde, linakwana."

"Nanga unandibisiranji? Mayi ako kuchita kukutsata pa takisi ngati mbava?"

Tekber anayang'ana nsapato zake. "Ndinkaopa kuti mumva ngati ndikuti ndinu munandidwalitsa."

"Nanga sukutero?"

Tekber anayamba kumasula zingwe za nsapato. Amayi awiri anadutsa akukangana za mtengo wa anyezi, mikono ikuponyedwa. A Mbarka anadikira yankho mpaka amayiwo anakhota, koma silinabwere.

"Dokotala ameneyo anakupezera ndani?" anafunsa. "Si mwamuna wako?"

"Ndi amene tinamupeza tsikulo."

"Mmene mwamuna amapezera zinthu mwangozi ndimadziwa. Mawa undiperekeze. Ndikamuone m'maso munthu amene akuphwasula ntchito yanga."

M'mawa mwake anapita ku kachipatala ka m'dera lawo. A Mbarka ankayembekeza mwamuna, mnzake wa Isselmou womwera naye tiyi. Anapeza mayi wa imvi zochepa, wa magalasi, dzina lake Raki Sall. Anawalonjera mwaulemu, nawapatsa mpando waukulu. A Mbarka sanataye nthawi.

"Ndine amene ndinamanga thupi ili ndi manja angawa. Ndabwera kuti mundiuze amene anakutumani kuti muligwetse."

"Sanandituma munthu, amayi," anatero dokotala. "Koma mwachita bwino kubwera. Nkhosa munasendapo?"

"Musanabadwe."

"Ndiye mukudziwa kuposa ine. Mafuta a nkhosa amakhala pati?"

A Mbarka anamuyang'ana mokayika, kufuna kuona kumene msampha uli. "Ena pansi pa chikopa. Ena m'kati, okuta matumbo ndi impso."

"Munthunso ndi chimodzimodzi. A pansi pa khungu, a m'ntchafu ndi m'mikono, amalemetsa mawondo ndi msana, koma si amene ndimawaopa kwambiri. Oopsa ndi a m'katiwo. Sangokhala phee ngati mafuta a m'chigubu. Amalowerera chiwindi, amachititsa kuti thupi lilephere kugwiritsa ntchito shuga, ndiye shugayo amangoyandama m'magazi n'kumawononga maso, impso ndi mapazi. Mitsempha imauma n'kuchepa, mtima umapopa movutika. Tsiku lina mtsempha wa m'mutu umatsekeka kapena kuphulika."

"Koma nkhosa yabwino ndi ya mafuta. Pa chikondwerero palibe amasankha yowonda."

"Zoona. Koma nkhosayo sitiidikira kuti ikalambe."

Tekber anabisa kukamwa ndi melafa. A Mbarka sanaseke.

Dokotala anatulutsa tepi yonga ya telala, nazunguliza m'chiuno mwa Tekber, pamchombo, naonetsa a Mbarka pamene chala chake chinaima. Kenako anasuntha chalacho kutali ndithu. "Chaka chatha tinali apa. Sikelo sindiikhulupirira kwambiri, imayeza mafupa, madzi ndi zonse. Tepi ndi imene imandiuza za m'kati."

"Ndiye kuzungulira bwalo ngati ng'ombe yosochera n'kumene kwachotsa zimenezo? Thukuta?"

"Thukuta ndi madzi chabe, akamwa limabwerera. Koma minofu ikamagwira ntchito imafuna chakudya. Imayamba ndi shuga wa m'magazi, kenako imatapa m'nkhokwe. Mwayi wake ndi wakuti nkhokwe ya m'mimbayo sichedwa kutsika. Ndinamuuza kuti aziyenda mwandawala masiku asanu pa sabata, mpaka azipuma mwamphamvu koma akutha kuyankhula, achepetse mpunga ndi shuga, asadzimane chakudya. Anayamba ndi theka la bwalo, akulira. Tsopano amazungulira kasanu ndi kamodzi. Sindikufuna kuti akhale ndodo, amayi. Ndikufuna adzaone zidzukulu zake."

A Mbarka analoza kamakina kamene kanali patebulo, kofanana ndi ka m'chitini kaja. "Kanthu aka kangathe kunena chilichonse chimene mwini wake wakauza. Kakati aliyense akudwala, mapilitsi anu amayenda malonda."

"Mukufuna tikayese?"

"Yambani inuyo."

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anapukuta chala chake, nadzibaya, nadontheza magazi pa kapepala. A Mbarka anaimirira kuti aone bwino. Kuwerenga mawu sankatha, koma manambala ankawadziwa. Nambala inatuluka yaing'ono.

"Tsopano uyu."

Ya Tekber inakwererapo pang'ono.

"Tsopano ine. Koma singano ndi kapepala ndisankha ndekha."

Anasankha kapepala ka pansi penipeni pa botolo, napereka chala chapakati. Kamakina kanaphethira, n'kuonetsa nambala yoposa ya dokotala ndi ya Tekber kuziphatikiza.

"Mwadya chiyani m'mawa uno?" anafunsa dokotala.

"Tende zochepa ndi tiyi."

"Ndiye sitingagamule lero. Mubwere mawa musanalawe kanthu, tidzatenge magazi a pamkono. Koma ndifunseko. Ludzu limakuvutani? Kutaya madzi pafupipafupi? Mapazi amachita dzanzi?"

"Ndi ukalamba umenewo."

"Maso?"

A Mbarka anakonza melafa yawo. Panali patatha chaka asakutha kulowetsa ulusi pa singano, koma zimenezo sanauzepo munthu. Anatembenukira kwa Tekber. "Unamuuza ndiwe."

"Ndikanamuuza bwanji zimene simunandiuze?"

Mawa lake anabwereradi, atakana ngakhale madzi a m'nyumba ya mwana wawo kuopa kuti wina angathiremo kanthu. Zotsatira zinatuluka patapita masiku awiri, ndipo sizinasiyane ndi za kamakina. Dokotala anawalembera mapilitsi, nawauza kuti mawondo awo sangathe za bwalo la mpira, koma aziyenda pang'onopang'ono akatha kudya, ngakhale kungozungulira mpanda wa nyumba, ndipo tsiku lililonse aziona pansi pa mapazi ngati pali bala. A Mbarka analandira pepalalo ndi zala ziwiri.

Anakhalanso sabata imodzi. Hutala ikalira sankanenanso kanthu, koma chigubu cha mafuta a mkaka chija sanachichotse pakati pa khitchini, ndipo m'mawa uliwonse ankachipendeketsa kuti aone ngati chatsika. Za funso lija la kubwalo, mayi ndi mwana sanabwererekonso.

Tsiku lonyamuka, Isselmou ndiye anawaperekeza kokwerera basi. A Mbarka anakhala kumbuyo, iye kutsogolo, nduwira ili pakamwa. Ataima pa maloboti, Isselmou anatsokomola, nayankhula akuyang'ana galasi la kutsogolo.

"Amayi, mundikhululukire, ndilankhulepo mawu amodzi. Ndamva kuti mumaganiza kuti ndine ndinamutuma."

"Wakuuza ndani?"

"Makoma a nyumba yathu ndi opyapyala. Ine sindinadandaulepo ndi ntchito ya manja anu, ngakhale tsiku limodzi. Atayamba zoyendazi tinakangana kwambiri. Anzanga kumsika amandifunsa ngati sitolo yagwa. Wina anandibweretsera thumba la mpunga pamaso pa anthu, akuti chithandizo." Anakonza nduwira yake. "Inenso ndinamutsatirapo. Masabata atatu ndinkatseka sitolo, kukaima kuseri kwa kagolosale ka madzi kaja."

"Unapeza chiyani?"

"Zomwe munapeza inu. Kungoti wogulitsa madziyo anayamba kundikayikira ine, anafuna kundiitanira apolisi."

A Mbarka anamva kuseka kukubwera, nakumeza. Anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mkamwini wawo. Mawuwo anali osalala kwambiri, ngati okonzedwa kale. Komabe makutu ake anali atafiira, ndipo bodza silifiiritsa makutu a wogulitsa masipeyala.

"Ukamuuze asapitirire," anatero. "Khosi lafika pamene lafikapo, basi."

"Mukamuuze ndinu, amayi. Ine sandimvera."

Atafika ku Tidjikja, mapilitsi aja sanayambe kumwa tsiku lomwelo. Anapita nawo kaye kwa wogulitsa mankhwala wa pamsika, osamuuza kuti ndi a ndani, kuti awauze ntchito yake. Atamva zofanana ndi za dokotala anapitanso kwa namwino wopuma ntchito wa kuseri kwa mzikiti. Atagwirizana onse atatu, anayamba kumwa. Akatha kudya ankazungulira khola la mbuzi kangapo, ndipo woyandikana nawo akafunsa ankati akufuna nkhuku yotayika.

Mvula itagwa kunabwera mayi wina wa kumidzi ndi mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayi, wa maso akuluakulu, miyendo ngati bango. A Mbarka anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Manja awo ankadziwa kale pomwe akanayambira. Kenako anati chaka chino zala zikuwawa, sangathe. Mayiyo anawachonderera, naonjeza mbuzi pa zimene analonjeza, koma iwo anakana. Chifukwa chenicheni sanachitchule. Mayiyo ananyamuka atakwiya, nati apita kwa wina wa kutsidya kwa dambo amene manja ake ndi amoyo. A Mbarka anawayang'ana akutsika njira, mwana akudumphadumpha kumbuyo kwa amake. Anatsegula pakamwa kuti awaitane, koma sanadziwe chimene akanawauza, ndipo anawasiya apite.

Lachisanu lililonse amaimbira foni Tekber kumufunsa zimene wadya sabata imeneyo, kuti wazungulira kangati, ndi nambala imene kamakina kanena. Akamaliza amadula, kudikira pang'ono, n'kuimbira Selemha, amene nambala yake anaitenga mobisa m'foni ya mwana wawo mothandizidwa ndi mdzukulu. Amamufunsa mafunso omwewo mmodzimmodzi, kuti amve ngati mayankho agwirizana.